Tinakaona Jordan wamkuwa ku Chicago

Ulendo wokaona chiboliboli cha Michael Jordan, katswiri wa masewero a basketball, ku Chicago tinaupangana kwa miyezi itatu pa gulu la WhatsApp la Amalawi okhala ku South Bend, m'boma la Indiana. Loweruka m'mamawa tinakwera sitima ya South Shore pa bwalo la ndege, akuluakulu ndi ana omwe. Msungichuma wathu anatikumbutsa kuti nthawi ya ku Chicago ili kumbuyo ndi ola limodzi, koma sizinathandize, chifukwa achimwene ena anafikabe sitima ikutseka zitseko, ali wefuwefu.

Tisanadutse n'komwe Michigan City, mkangano unali utabuka: wamkulu ndani pakati pa oimba nyimbo za rap aja, Tupac ndi Biggie? Abambo a zidzukulu ankalozana zala ngati anyamata a Fomu 2. Tupac anaomberedwa ku Las Vegas mu Seputembala 1996, Biggie ku Los Angeles mu Malichi 1997, wina ali ndi zaka 25, wina 24. Mwana wanga woyamba wawapitirira kale msinkhu onse awiri, ndipo zimenezi zinandikhalitsa chete kwa kanthawi. Mlamu wanga anakumbutsa anthu m'mene tinkabwezera kaseti ndi bolopeni kuti mabatire asathe, tikuimba Chingerezi chimene sitinkachimva. Mwina ndi mwayi kuti makolo athunso sankachimva.

Titatsika pa Millennium Station tinakwera basi ya mumsewu wa Madison mpaka pa United Center, bwalo la timu ya Chicago Bulls imene Jordan ankasewerera. Chiboliboli cha Michael Jordan, chimene anachiimika mu 1994, kale chinali panja koma tsopano anachilowetsa m'kati. Ali m'malere, miyendo tang'a, mpira kudzanja lamanja. Ine ndinangoima. Munthu ameneyu ndinamudziwira pa kaunjika mumsika wa Limbe, pa malaya ofiira olembedwa 23 amene ankandifika m'mawondo. Wailesi yakanema ya dziko lathu inayamba mu 1999, Jordan atapambana kale zikho zake zonse zisanu ndi chimodzi: kuyambira 1991 mpaka 1993, kenako 1996 mpaka 1998. Ambirife sitinamuonerepo akusewera pa nthawi yake. Tinkadalira matepi a vidiyo obwerekana, otha kale ntchito, chithunzi chikunjenjemera, zotsatira tikuzidziwa kale koma tikukuwabe.

Madzulo tinalowa kukaonera masewero a Bulls, mipando yathu ili kumwamba kwenikweni kumene matikiti amatsikako mtengo. Zoona zake, maso anga anathera kudenga. Kumeneko kwapachikidwa mbendera za zikho zija, ndi nambala 23 ya Jordan komanso 33 ya mnzake wa m'timu, Scottie Pippen. Tcheya wathu anadandaula kuti 91 ya Dennis Rodman palibe, chonsecho timu imene inapambana masewero 72 mwa 82 mu 1995-96 sikanafika apo popanda wamisala wa tsitsi lopaka utoto uja. Ndikugwirizana nawo. Mayi ena m'gulu lathu anati iwo mtima wawo sunali ku Chicago n'komwe, ankasapota Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria amene anapambana ndi Houston mu 1994 ndi 1995, ndiponso Dikembe Mutombo wa ku Congo, wogwedeza chala uja, amene anatisiya mu 2024.

Ana athu zonsezi analibe nazo ntchito. Kwa iwo Jordan ndi dzina la nsapato, ndipo wamkulu ndi osewera a m'badwo wawo, LeBron kapena Curry basi. Kamtsikana kena kanafunsa bambo ake kuti, "Adadi, ngati simunamuonepo, mukudziwa bwanji kuti anali katswiri?" Bambowo anakanda m'mutu, n'kukagula chipisi.

Pobwerera ambiri anagona. Zotsala m'thumba la gulu tinagwirizana kuti zisungidwe, poti ena ayamba kale kunena za Springfield, Massachusetts, kumene James Naismith anayambitsira masewero a basketball mu 1891. Msungichuma akuti amene sanamalize kupereka za ulendo uno asatchule n'komwe za Springfield.