Singano ya sipidomita ndi apongozi anga

Corolla yanga ndi yakale, ya nthawi ija sipidomita inkayendera kebulo. Singano yake itayamba kunjenjemera, ndinapita nayo kwa makaniko wina ku Biwi. Mkuluyo analongosola bwino ndithu: kebulo imachokera ku giyabokosi, imazunguza maginito kuseri kwa dashibodi, maginitowo amakoka kachitsulo konga kapu komwe kagwira singano, ndipo kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi ndiko kamabweza singanoyo kuti isangothawira kumapeto. Kebulo ikauma, singano imavina. Anaithira girizi. Koma mnyamata wake, pofuna kuonetsa khama, anatsegula sipidomita yonse n'kupukuta kasipuling'i kaja ndi kansanza mpaka kulefuka.

Loweruka ndinatenga apongozi ku Area 25 kuti tipite ku chinkhoswe ku Kawale. Anakhala kutsogolo, thumba la ufa pamiyendo. Titangolowa mu M1 pa Kanengo, singano inaloza 110. Ine ndili mu giya yachitatu!

"Akamwini, mwana wanga ndinakupatsani ndi mtima umodzi. Ndakulakwirani chiyani?"

"Amayi, singanoyi ikunama."

"Chitsulo chiname, inu munene zoona?"

Apongozi satsutsidwa, makamaka ukakhala kuti ngongole ya feteleza wa chaka chatha sunawabwezere. Ndinachepetsa. 90. Ndinachepetsanso. Iwo amafuna 50 ya m'tauni, ndipo kuti singano itsike pamenepo galimoto imayenda moti wakabaza wa njinga yakapalasa, atanyamula mayi ndi nkhuku, anatipitirira n'kutipatsa moni.

Kumbuyo kunali mzere wa maminibasi. Poyamba hutala, makondakitala kutukwana. Ndinayatsa ma hazard kuti andidutse. Apa n'kuti apongozi, maso ali pa singano, atayamba nyimbo ya Mulungu mokweza, mawindo ali otsegula. Mahutala anasiya. Chakufupi ndi Area 18 ndinaona bambo wina wogulitsa chimanga chootcha akuvula chipewa. Amayi awiri anaima pambali pa msewu, manja kumbuyo.

Wapolisi wa pamsewu anatiimitsa mwaulemu, nasuzumira kumpando wakumbuyo.

"Pepani bambo. Thupi lili m'galimoto iti?"

Ndisanatsegule pakamwa, apongozi anayankha: "Mwachita bwino kumugwira, bwana. Mumulipiritse. Kuchokera ku Kanengo wakhala akuthamanga ngati wamisala."

Ku chinkhoswe tinapeza nkhuku atagawana kale. Pobwerera apongozi anakwera minibasi, akuti madalaivala ake ndi odekha.