Fupa la mwendo likasanduka nsagwada

Sabata ino m'kalasi mwathu ya unamwino kuno ku Lilongwe takhala tikuphunzira za odwala amene achotsedwa mbali ya nsagwada ya m'munsi. Ena amakhala a khansa ya m'kamwa, ena a ngozi, koma chimene tachikamba kwambiri ndi chotupa chotchedwa ameloblastoma. Si khansa, komabe chimadya fupa pang'onopang'ono, ndipo poti poyamba sichipweteka, munthu amafika kuchipatala tsaya litatupa kale. Fupalo likachoka pamafunika lina, apo ayi kutafuna, kumeza ndi kuyankhula zonse zimavuta.

Mpata ukakhala waung'ono, madokotala amatha kutenga fupa la m'chiuno kapena nthiti. Ukatalika, fupa lotere nthawi zambiri limasungunuka kapena kuola, chifukwa labwera lopanda mitsempha yake ya magazi. Pamenepo ndi pomwe amagwiritsa ntchito fibula, fupa lowonda lija la pakati pa bondo ndi kakolo. Dokotala Ian Taylor wa ku Melbourne ku Australia ndiye anayamba kulisamutsa ndi mitsempha yake mu 1975, ndipo dokotala David Hidalgo wa ku New York ku America anaonetsa mu 1989 kuti likhoza kuumbidwa kukhala nsagwada. Limapereka utali wofika masentimita 25. Amalichotsa pamodzi ndi kachigamba ka khungu, n'kulidula m'zigawo kuti lipindike ngati chibwano, n'kulimanga ndi kachitsulo ka titanium, kenako amasoka mitsempha yake ku mitsempha ya m'khosi akuyang'ana pa maikulosikopu.

Chandikhudza mtima n'chakuti ntchito yonseyi, ya tsiku lathunthu m'fiyeta, ikhoza kuonongeka ndi kadontho ka magazi oundana pamsoko wa mtsempha. Zimachitika kwambiri m'maola 48 mpaka 72 oyamba, ndipo umene umatsekeka kawirikawiri ndi mtsempha wobweza magazi. Fupa silioneka, ndiye kachigamba ka khungu kaja, kamene amakasokera m'kamwa, ndiko kamatiuza za m'kati. Kakatupa n'kuyamba kuda mobiriwira, ndipo ukakabaya ndi singano n'kutuluka magazi akuda mofulumira, ndiye kuti magazi akulowa koma sakutuluka. Kakayera mbuu, kakazizira, osatuluka magazi, ndiye kuti sakufika n'komwe. Zonsezi amayamba kuziona ndi namwino, ola lililonse, usiku ndi usana, atanyamula tochi n'kusuzumira m'kamwa mwa munthu amene sangathe kunena chilichonse chifukwa akupumira pa kachubu ka pakhosi. Akaona msanga n'kuitana dokotala, wodwala amabwerera kufiyeta ndipo fupa likhoza kupulumuka. Akati tidikire kuche, lapita. Ine ndikuona kuti chipatala chofuna kuchita opaleshoni yotere chiyenera kuyamba chawerenga anamwino a usiku chisanagule maikulosikopu.

Mdani wina ndi malovu. Msoko wa m'kamwa ukatseguka pang'ono chabe, malovu amatsikira pa chitsulo ndi pa fupa, mafinya amayamba, mwina mpaka kuboola khosi n'kumachucha kunja. N'chifukwa chake wodwala amadyera pa kachubu ka m'mphuno masiku oyamba. Apa m'pofunika kukhala pansi ndi gadiyani. Mayi amene wasamala mwana wake kuchokera kumudzi, akamuona akuyang'ana ena akudya, chifundo chimamugwira, amafuna kumupatsako kaphala ndi supuni. Kumukalipira sikuthandiza. Tiyenera kuwauza mwaulemu kuti, “Amayi, m'kamwamu muli msoko wauwisi, phala likalowa pamenepo ntchito yonse iphwasuka,” ndi kuwaonetsa kuti mwanayo akudya ndithu kudzera pa kachubu.

Kumwendo nako kumakhala mavuto: bala lochedwa kupola, dzanzi pamwamba pa phazi, chala chachikulu chopindika. Fodya ndi matenda a shuga zimachedwetsa kupola konseku.

Mavuto ena amabwera munthu atatuluka kalekale. Chitsulo chimatha kuthyoka, kapena kuboola khungu n'kuonekera pachibwano, makamaka kwa amene analandira radiotherapy, chithandizo chootcha khansa ndi cheza champhamvu. Wodwala wa ku Mchinji kapena ku Dedza akaona kabala kakang'ono pachibwano sangafulumire kufuna ndalama ya minibasi. Choncho pomutulutsa tizimuuza iye ndi gadiyani wake momveka kuti akaona chitsulo, mafinya, kapena mano akasiya kulumana monga kale, abwere asanafike tsiku lolembedwa m'buku lake la kuchipatala.