Sabata yoika Jenkins pa seva yathu ku Thyolo

Pulogalamu imene timasamalira kuno ndi yolembera makilogalamu a tiyi amene alimi ang'onoang'ono amapimitsa pa sikelo, ndipo malipiro awo amawerengedwa kuchokera mmenemo. Tikasintha kanthu mu code, mnzanga mmodzi yekha ndiye ankaimanga pa laputopu yake (build, kapena kuti kusandutsa code kukhala pulogalamu yogwira ntchito), n'kuika pa flash. Akapita kumaliro ku Luchenza, ntchito inkayamba yaima. Nchifukwa chake ndinalimbikira kwa abwana kuti tiike Jenkins.

Jenkins ndi pulogalamu yaulere yolembedwa mu Java. Anaiyamba ndi Kohsuke Kawaguchi akugwira ntchito ku Sun Microsystems, nthawi imeneyo ikutchedwa Hudson. Dzina latsopanoli linabwera mu 2011, anthu oisamalira atasemphana maganizo ndi Oracle, yomwe inagula Sun mu 2010. Wina akatumiza code ku Git, kumene timasungira code yathu, Jenkins imaitenga, kuimanga, kuiyesa, n'kunena ngati zayenda kapena ayi.

Lolemba sizinavute kwenikweni. Seva yathu ili ndi Ubuntu, choncho ndinaika Java 21, kenako Jenkins kudzera pa apt. Inakana kudzuka chifukwa port 8080, khomo la pa netiweki limene imafuna, inali kale m'manja mwa pulogalamu ina yotchedwa Tomcat. Ndinaisamutsira ku 8081, n'kutenga pasiwedi yoyamba mu /var/lib/jenkins/secrets, n'kulowa. Mapulagini, zoonjezera za Jenkins, ndinasankha ochepa, a Git, Pipeline ndi Maven basi.

Thukuta linatuluka Lachiwiri ndi Lachitatu. Amene amalemba malangizo a zinthuzi amakhala kumene intaneti siwerengedwa, pamene ife timagula bandulo ya pa rauta, ndipo chiperoni chikatsika netiweki imangogwagwa. Maven, chida chomangira pulogalamu yathu, ikamamanga koyamba imakoka mafayilo ambirimbiri kuchokera ku nkhokwe yake ya pa intaneti, Maven Central. Ndinakhala ndikuyang'ana mizere ya Downloading ikutsika pa sikirini, kenako n'kuima pakati, build n'kufa. Madzulo ndinapempha mnzanga uja foda yake ya .m2, momwe munali kale zonse zimene pulogalamu yathu imafuna. Tinaikopera pa flash, kuiika mu /var/lib/jenkins, n'kuipereka kwa user wa jenkins ndi chown. Kuyambira pamenepo build imatha madzi a tiyi asanawire.

Panalinso nkhani ya webhook, njira imene GitHub, webusaiti yosungirako code ya Git, imauzira Jenkins kuti code yasintha. Seva yathu ilibe adiresi yofikirika kuchokera kunja, ndiye GitHub siingagogode pakhomo pathu. Ndinaikonza kuti Jenkins izipita yokha kukafunsa mphindi 15 zilizonse, ndi mzere wa H/15 * * * *. Ena amati njirayi ndi yachikale. Kwa ife ndiyo ikugwira.

Lachinayi kunagwa mvula yamphamvu, magetsi n'kuthima, UPS n'kulira mpaka kutha. Atabwera, seva inangoti duu kudikira munthu woidina batani. Ndinalowa mu BIOS n'kusintha kuti izidziyatsa yokha moto ukabwera, ndipo ndinazimitsa dala pa soketi kuti ndione ndi maso. Inadzuka, Jenkins nayo n'kudzuka.

Lachisanu m'mawa build inaonetsa kufiira. Mnyamata wina amene akuphunzira ntchito kwathu anakonza malo owerengera kulemera, koma kulemera kwa thumba limene mlimi amaikamo masamba kunayamba kuchotsedwa kawiri. Pa thumba limodzi ndi kanthu kochepa, koma mayi amene amathyola mwezi wonse akanaziona pa envelopu. Kayeso kakang'ono ka JUnit, chida choyesera code ya Java, kamene tinalemba kalekale, koma sitinkakayendetsa nthawi zonse, ndiko kanagwira.

Mnyamatayo anabwera manja ali kumbuyo. "Achimwene, ndaononga?"

"Simunaononge, aphwanga. Sizinafike ku sikelo. Werengani console output, lipoti la build lija, ikuuzani mzere wake."

Pofika nkhomaliro anali atakonza yekha, build n'kubwerera ku mtundu wobiriwira. Abwana atamva anafunsa ngati tsopano tingasiye kuyesa ndi manja. Ndinawayankha kuti ayi bwana, Jenkins imayesa zokhazo zimene taipatsa. Gawo lochotsera kulemera kwa madzi pa masamba onyowa lilibe kayeso ngakhale kamodzi, chonsecho ndi limene alimi amadandaula nalo kwambiri nyengo ya mvula. Limenelo ndaliika pa ndandanda ya Lolemba, limodzi ndi backup ya /var/lib/jenkins, yomwe pakadali pano ili pa disiki imodzi yokha.