Mlatho wa Tor uli ndi makomo awiri, koma Tor amayesa limodzi lokha

Tsopano zandilowa m'mutu, mtima wakhala pansi. Tor ndi pulogalamu yothandiza anthu kugwiritsa intaneti mobisika, ndipo mlatho (bridge) ndi seva yosalengezedwa poyera yolowera mu Tor kumene watsekedwa. Mlatho wa obfs4, njira yobisa kuti munthu akugwiritsa Tor, ungathe kuoneka wamoyo pa seva ya pa cloud, log ikulemba mawu osangalatsa aja akuti "Self-testing indicates your ORPort is reachable from the outside", koma popanda munthu ndi mmodzi yemwe wotha kuwoloka. Nkhani yagona apa: Tor amayesa ORPort yokha, port (khomo la nambala pa seva) imene tor mwiniwake amamvetserapo. Port ya obfs4, imene anthu a m'mayiko otsekereza intaneti amalowera, sayiyesa m'pang'ono pomwe, poti amene akumvetsera pamenepo ndi pulogalamu ina, obfs4proxy kapena lyrebird.

Zoika tor ndi kulemba BridgeRelay 1 mu torrc, fayilo ya makonzedwe a tor, mukuzidziwa kale. Yang'anitsitsani mizere iwiri: ORPort ndi ServerTransportListenAddr obfs4 0.0.0.0 ndi nambala yake. Mukaiwala wachiwiriwu, obfs4 imadzisankhira port, inu n'kumatsegula nambala ina pa firewall, mpanda wotchinga ma port. Ma port onse awiri ndi a TCP, ndipo onse ayenera kufikirika kuchokera kunja. Tsono pa cloud mipanda imakhala iwiri: wa m'kati mwa makina, ufw kapena iptables, ndi wa kampani yosunga seva, monga security group pa AWS kapena security list pa Oracle Cloud. Mukatsegula ORPort m'mipanda yonse koma ya obfs4 mu umodzi wokha, log ikuyamikirani, chonsecho mlatho uli chitsekere.

Pa ORPort pewani 9001, otsekereza amaidziwa kuti ndi ya Tor. Mukafuna obfs4 pa 443, kumbukirani kuti port ya pansi pa 1024 imafuna chilolezo: setcap cap_net_bind_service=+ep pa fayilo ya pulogalamuyo, kenako NoNewPrivileges=no mu systemd. Kupanda kutero, imakanika kutsegula port ija tor akuyendabe.

Kwa ine njira yoyesera ndi imodzi basi, zina zonse n'zongowonjezera. Tengani mzere wa mu /var/lib/tor/pt_state/obfs4_bridgeline.txt, mudzaze IP, port ndi fingerprint (chizindikiro cha mlatho wanu), muumate mu Tor Browser pa kompyuta imene ili pa netiweki ina. Ikalumikiza, mwatha. IP yake ikhale yakunja ija ya pa dashboard, osati ya 10.x imene ip addr ikuonetsa, chifukwa makina ambiri a pa cloud amakhala kuseri kwa NAT, ndiye kuti IP ya m'kati imasiyana ndi yakunja. Fingerprint nayo ikhale ya mu /var/lib/tor/fingerprint. Inayo, ya mu hashed-fingerprint, ndi yofufuzira pa Relay Search, tsamba la Tor Project loonera ma relay ndi milatho. Tsamba la Tor Project loyesera ma port lilipo ndithu, koma limangokuuzani kuti TCP yayankha. Silinena ngati cert, kiyi ya obfs4 ya mu mzere wanu, ikugwirizana ndi ya pa seva.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ophunzitsa ambiri amathera ndime zisanu pa apt install, nkhani ya makomo awiriyi n'kuiponya kumapeto ngati yopanda ntchito. Nthawi nayo imasocheretsa. Mlatho watsopano umatenga maola angapo kuti uoneke pa Relay Search, ndipo anthu angatenge masiku kapena masabata asanayambe kufika. Heartbeat, lipoti lalifupi la tor mu log, imalembedwa pa maola 6 aliwonse. Ikamanena kuti palibe wabwera, mudziwa bwanji ngati n'kungodikira kapena port ndi yotseka, musanayese nokha kuchokera kunja?

Ziwiri zina zofulumira. IP ya seva ikhale yokhazikika, chifukwa yongobwereka ingathe kusintha mukazimitsa makina, ndipo aliyense amene anasunga mzere wanu amatsala padera. Foda ya /var/lib/tor nayo muisunge, muli makiyi. Za ndalama, makampani ambiri amalipiritsa data yotuluka, choncho mu torrc AccountingMax, malire a data, iyende ndi AccountingRule out, yowerenga yotuluka yokha, kuti tor agone malire akakwana m'malo mokubweretserani bilu.

Pamene maganizo anga sanakhazikike ndi apa. IP ikatsekedwa m'dziko limodzi, kuisintha pa cloud n'kosavuta. Koma mukasintha mwataya anthu a kwina amene mlathowo ukuwathandizabe. Kusiya wakale n'kuimika wachiwiri kukuoneka kwanzeru, komano ndiye bilu ziwiri, ndipo watsopanowo udzakhala nthawi yaitali bwanji otsekereza asanaupezenso?