Lipoti la ulendo wathu wa ku sukulu ya mkombaphala ya Ayuda ku Glenhazel

Gulu lathu la amayi a ku Malawi olera ndi kuphunzitsa ana aang'ono mu Johannesburg lidapita ku Glenhazel, dera lomwe kumakhala Ayuda ambiri, mu Seputembala 2025, kutatsala masiku ochepa kuti chikondwerero chawo cha Chaka Chatsopano chiyambe. Chikondwererochi amachitcha Rosh Hashanah, kutanthauza mutu wa chaka, ndipo chimatenga masiku awiri. Chaka chimenecho chidayamba madzulo a pa 22 Seputembala, pomwe iwo adalowa m'chaka cha 5786.

Tidayamba ndi kuchita manyazi pachipata. Poti mlendo sapita chimanjamanja, tidanyamula mandasi odzaza beseni, koma mphunzitsi amene adatilandira adatiuza mwaulemu kuti m'sukulumo simulowa chakudya chomwe sichidakonzedwe motsata malamulo awo a zakudya otchedwa kosher. Beseni lidabwerera m'minibasi, ndipo adapindula nalo ndi adalaivala athu.

M'kalasi ya ana a zaka zinayi tidapeza mphunzitsi, yemwe anawo amamuitana kuti Morah, atagwira nyanga ya nkhosa yamphongo yotchedwa shofar, lipenga lomwe Levitiko 23:24 amanena. Sadayambe ndi kufotokoza. Adaipereka kuti izungulire, mwana aliyense aigwire, aisuzumire m'kati, ainunkhize, ndipo mnyamata wina adakwinya mphuno n'kunena kuti ikununkha khola. Kenako adaiwomba: kulira kumodzi kwakutali kotchedwa tekiah, kulira kutatu kodukizadukiza kotchedwa shevarim, ndi kulira kufupikufupi kasanu ndi kanayi kotchedwa teruah. Anawo ankayankha ndi thupi, kuima njo pa kulira kwakutali, kudumpha katatu, kenako kupondaponda msangamsanga, moti pakutha pa mphindi khumi ngakhale ife tinkadziwa kulira kulikonse ndi dzina lake. Pakhoma padalinso nyanga yaitali yopotanapotana, yomwe mayi wina wa ku Kasungu adaizindikira pomwepo kuti ndi ya ngoma, nyama ya kutchire ija. Morah adavomera, nati Ayuda ochokera ku Yemen amaliza yoteroyo.

Za kudya sizidatenge nthawi. Ana adaviika zidutswa za apulo mu uchi pofunirana chaka chotsekemera, n'kumauzana kuti "Shanah tovah", kutanthauza chaka chabwino, ndipo adaumba buledi wotchedwa challah, yemwe masiku ena amalukidwa ngati tsitsi koma nyengo iyi amakhala wozungulira monga chizungulira chaka.

Chomwe chidatigawa maganizo ndi phunziro la kupepesa. Akuluakulu awo amapita kumadzi oyenda masana a tsiku loyamba kukachita mwambo wa tashlich, potsata mawu a pa Mika 7:19 onena za kuponya machimo m'nyanja yakuya. Kwa anawo, Morah adaika beseni la madzi pabwalo, ndipo mwana aliyense ankaponyamo kanyenyeswa ka buledi akatchula chinthu chomwe akufuna kusiya. Mtsikana wina adanong'ona kuti adatsina mng'ono wake, ndipo Morah adamufunsa modekha kuti, "Nanga iyeyo wamupepesa?" Adatifotokozera kuti pa masiku khumi ofika pa Yom Kippur, tsiku lawo losala kudya ndi kupepesa machimo, munthu amayenera kupepesa kaye mnzake amene adamulakwira, popeza madzi okha satsuka mlandu.

Pobwerera, mayi wamkulu pagulu lathu adati mwana wa zaka zinayi sayenera kusenzetsedwa nkhani ya machimo. Ine ndidaona mosiyana, chifukwa mawu oti tchimo sindidawamve m'kalasimo ngakhale kamodzi, ndipo mtsikana uja adathamangira kokasewera nkhope ili mbee, pamene ife timakakamiza ana kunena "pepani" misozi ili m'maso, chibakera chili chikungire. Sitidamvane, moti nkhaniyi tidaisiyira msonkhano wa mwezi wotsatira, komwe tidzakambiranenso za chakudya choti tidzawalandire nacho aphunzitsi awiri a ku Glenhazel akadzabwera kudzationa.