Lachitatu: m'filimu yathu simudzafa munthu

Mvula ya masana ya kuno ku Johannesburg inatitsekera m'kalasi mpaka 5 koloko, ndiye tinangoti tiyeni tithane ndi mkangano wa filimu yomwe atiuza kuti tipange. M'gulu tilimo anayi. Atipatsa mphindi 8, kamera imodzi ndi masiku awiri ojambulira.

Nkhani ndinabwera nayo ndine. Atsikana awiri: wina amaluka tsitsi ku Yeoville, wina wangotsika basi ya ku Blantyre pa Park Station, chikwama chikununkha usipa. Akondana. Basi.

Wojambula wathu akuti nkhaniyo ilibe mchere. Akufuna achimwene a mmodzi awapezerere, pakhale mbama, misozi, mwinanso apolisi. Sindikumutsutsa kuti zoterezi sizichitika. Ndinali wamng'ono mu 2010 pomwe Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anawagamula zaka 14 atachita chinkhoswe ku Blantyre, mpaka Bingu wa Mutharika anawakhululukira Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations nthawi imeneyo, atabwera ku Malawi. Mawu onyoza omwe ankayankhulidwa m'maminibasi nthawi imeneyo ndikuwakumbukirabe. Mu June 2024 khoti la ku Malawi linasiya malamulo oletsa kugonana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha momwe alili. Koma n'chifukwa chake ndakakamira. Kwathu, anthu okondana akazi okhaokha kapena amuna okhaokha timawamvera kukhoti, kundende ndi paguwa. Sitinawaonepo akulozana chala kuti wapsereza ndiwo ndani.

Ndinawafotokozera chithunzi chomwe chakhala chikundisowetsa tulo. Kachipinda kakang'ono, hotplate ili pansi. Wina akuvundula nsima, poto akuterereka, mnzake akumugwirira ndi kansalu. Kamera isapite kunkhope, ikhale pamanja pomwepo: mthiko, nthunzi, zala zikukhudzana osafuna kuchoka. Kenako usiku, mmodzi wakhala pansi, mutu pakati pa mawondo a mnzake, chipeso chikudutsa pang'onopang'ono. Nditamaliza kunali zii. Wojambula uja anangofunsa kuti zenera lili mbali iti. Ndinadziwa kuti wagonja.

Chomwe chandilemera mumtima ndi cha madzulo. Mtsikana wa kwathu yemwe wavomera kusewera anandikokera pambali.

"Achemwali, kodi zimenezi zidzafika pa Facebook?"

Kuno malamulo oyendetsera dziko a 1996 amaletsa kusala munthu chifukwa cha yemwe amamukonda, ndipo maukwati otere ndi ololedwa kuyambira 2006. Koma foni ya mayi ake ili ku Ndirande, ndipo Khrisimasi amakadyera komweko. Ndinachita manyazi kuti ine sindinaliganize msanga funsoli. Tagwirizana kuti filimuyi iyambe yaonetsedwa m'kalasi mokha. Kupita nayo kwina kulikonse, mpaka iye atasainira, ndipo akafuna dzina lake lenileni silidzalembedwa kumapeto.

Mawa m'mamawa tikaona chipinda chija ku Yeoville, tikamve ngati mahutala a matakisi sangatiphere maikolofoni. Ndisaiwale ufa, ndi poto wakale wakuda pansi.