Zikomo nonse amene munatigwira dzanja pa maliro a achimwene

Achimwene tinawaika m'manda Loweruka lapitali kumudzi kwathu kufupi ndi Lizulu. Amalume anena kuti ndilembe m'malo mwa banja lonse, chifukwa pa tsikulo mawu othokoza anatuluka ochepa, aliyense kukhosi kunali kotseka. Nkhani yake mukuidziwa kale: kudwala kwawo ku Johannesburg, uthenga uja wa usiku, kenako kudikira thupi.

Kudikirako ndiye kunatimaliza. Maliro ochitikira pamudzi mumalira lero, mawa kapena mkuja mwaika. Ife tinakhala pa siwa popanda thupi, anthu akugona pakhomo, ufa ukutha, amayi athu akungoyang'ana kumsewu galimoto iliyonse ikamveka. Nyengo ino ya June mukuidziwa mmene kumazizirira kuno kumapiri. Abambo amene munkachezera panja pamoto, mame akukugwerani mpaka mbandakucha, Mulungu akuoneni.

Anyamata a ku Joni, ndiyambe ndi inu. Ambiri sitikukudziwani nkhope, timangoona manambala pa gulu la WhatsApp lija. Munasonkha marandi anu a maganyu, munathamanga ndi mapepala, ndipo ena munasiya ntchito n'kukwera nawo galimoto yonyamula bokosi, kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka kudzalowera pa chipata cha Dedza. Munafika mapazi atatupa, koma munakana kukagona mpaka mwambo utatha. Achimwene anali ndi abale kumeneko amene ife sitinkawadziwa.

Koma pali munthu mmodzi amene ndikamuganiza misozi imangotsika. Amayi atcheya a Chigwirizano cha kwathu kuno. Si abale athu, si apabanja, ngakhale mfunda wathu ndi wawo n'zosiyana. Uthenga utangomveka anafika ndi mkeka wawo kukhwapa ndi beseni la ufa pamutu, ndipo mkekawo sunachoke m'nyumba mwathu mpaka tsiku losesa. Ankagona pambali pa amayi. Usiku ndikadzidzimuka ndinkawapeza ali tsonga, akufunditsa amayi kumapazi ndi bulangete lawo lomwe, iwo atangodzikulunga chitenje. Amayi ankakana chakudya, ankakananso mankhwala awo a BP. Ife ana tikawakakamiza ankatikalipira. Atcheya ankangokhala nawo chete ndi kapu ya phala m'manja, osanyengerera, osalalikira, mpaka amayi n'kuilandira okha.

Ndi iwonso amene anaona msanga kuti tikapanda kusamala nkhokwe itha thupi lisanafike. Anandiitanira kuseri kwa khitchini n'kundiuza kuti, "Mwanawe, maliro awa ndi aatali, usaphike ngati mawa tikuika." Anagawa amayi m'magulu monga mwa milaga, usiku uliwonse mlaga wake wodzachezera ndi kuimba, kuti anthu asatope onse pamodzi. Anaika mayi mmodzi pa ufa, wina pa ndiwo, wina pa nkhuni ndi madzi. Kope la chipepeso analipereka kwa mkulu wa mpingo kuti khobidi lililonse lilembedwe pamaso pa anthu. Ine mutu unali utaima, sindikanaganiza ngakhale chimodzi mwa zimenezi.

Panalinso nkhani ya mpingo, imene inkandisowetsa tulo. Achimwene anakhalitsa kunja, ndipo mwa dongosolo akulu a mpingo anayenera kudziwa ngati kumeneko ankapemphera, asanavomere kuyendetsa mwambo. Limenelo ndi lamulo, ndipo timalilemekeza. Koma mantha anga anali akuti amayi, amene akalambira mu CCAP, adzaone mwana wawo akupita kumanda popanda nyimbo. Atcheya sanakangane ndi munthu. Anakumbutsa akulu kuti mwanayo anabatizidwa pompano, kalasi anaphunzira pompano, kenako anandituma kuti ndiuze anyamata a ku Joni akapeze abusa a kumene ankapemphera. Kalata inabwera pa foni, akulu anaiwerenga, nkhani inathera pomwepo. Akulu a mpingo, zikomo chifukwa munatimvetsera modekha.

Abusa, zikomo chifukwa cha uthenga wa pa Yohane 11. Simunatiletse kulira. Munati Ambuye mwini analira pamanda a bwenzi lake, ndipo amayi mawu amenewo akuwabwerezabe mpaka lero. Amayi onse a Chigwirizano amene munafola mizere ndi zoyera zanu kuchokera pakhomo mpaka kumanda, makwaya onse, achinyamata amene munanyamula mabenchi a kutchalitchi pamutu, zikomo. Anzathu a Katolika a mphakati wa m'mudzi muno munatenga usiku wanu wochezera osafunsa kuti malemu anali a mpingo uti. Abale a kutsidya kwa msewu, ku Mozambique, munabwera ndi matumba a kachewere ndi kabichi panjinga. Amfumu, zikomo potipatsa malo ndi polamula kuti khomo lililonse lisonkhe ufa ndi nkhuni kachiwiri pamene zoyamba zinatha. Adzukulu, munalawira kukada ndipo munakumana ndi miyala, koma manda munawakonza bwino, osadandaula, osativutitsa pa chakudya. Amene munatumiza pa Airtel Money ndi pa Mpamba, mayina anu onse ali m'kope, ndipo tidzakuimbirani mmodzimmodzi mtima ukakhala pansi.

Pali ena amene ndinkayembekeza kuwaona pa siwa. Chithunzi cha achimwene munachiika pa Facebook tsiku lomwelo, ife tisanawauze n'komwe amayi bwinobwino. Kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre kufika pa Lizulu ndi msewu umodzi wa M1, maminibasi amadutsa tsiku lonse. Achimwene akamabwera pa Khirisimasi ndi katundu munkapezeka. Wina mpaka anaimba foni kufunsa za njinga yamoto ndi ziwiya zimene zatsala ku Joni, bokosi lili m'njira. Sinditchula dzina, ndipo ndikupempha Ambuye andichotsere kuwawa kumeneku, koma alamu anga anamva, ndipo analira kawiri.

Pa nthawi yoona nkhope ndinaopa kuti amayi akomoka. Thupi linali litayenda ulendo wautali. Atcheya anayamba alowa okha ndi amalume, anakonza nsalu, anapukuta galasi la bokosi, kenako anatuluka n'kudzawagwira amayi m'chiuno, alamu anga ali mbali inayi. Anayambitsa nyimbo motsitsa, amayi ena n'kulandira, ndipo amayi anamuona mwana wawo ali chiimire, anamutchula dzina lake la paubwana, n'kutuluka ndi miyendo yawo. Poyala nkhata, ana a achimwene ankaopa kuyandikira manda. Anawatenga ndi atcheya omwewo, wamng'onoyo atamunyamula, chonsecho bondo lawo lakhala likuwavuta chaka chonse chino.

Amayi atcheya, ndikudziwa kuti foni yanu si ya intaneti, koma adzukulu anu akuwerengerani. Tinafuna kukupatsani kangachepe kuchokera pa chipepeso, munabweza, munati tigulire ana makope. Ambuye amene amaona zobisika akuchizeni bondo limenelo, akupatseni masiku ambiri, ndipo khomo lanu lisadzasowe anthu monga mmene inu simunalole kuti lathu lisowe.

Mapoto akuluakulu, mabeseni ndi mbale zimene zinatsalira zili kwa amalume, eni ake mukatenge kapena mutiuze tikubweretsereni. Za chiliza tidzakudziwitsani banja likakhala pansi. Amayi akadali ofooka ndipo madzulo ndi amene akuwavuta kwambiri, ndiye inu amene muli pafupi musaleke kudzawaona.